Akapolo 272 a ku Maryland: Eklezia ndi Ukapolo ku America

Pa 19 Juni 1838 Bambo Thomas Mulledy, mkulu wa Ajezuiti a m'chigawo cha Maryland ku America, adachita chipangano ndi eni minda aŵiri a ku Louisiana, Henry Johnson ndi Jesse Batey. M'chipanganomo adavomera kugulitsa anthu 272, amuna, akazi ndi ana, pa mtengo wa madola 115,000. Anthuwo anali akapolo a m'minda ya Ajezuiti. Ambiri mwa iwo anali Akatolika, obatizidwa ndi ansembe a chipani chomwecho chimene chinkaŵagulitsa. Maukwati awo adadalitsidwa m'matchalitchi a Ajezuiti, ndipo makolo awo anali chigonere m'manda a pa misiyoni zomwezo. Dzina loyamba pa mndandanda wa ogulitsidwawo linali la nkhalamba ina, Isaac Hawkins, ndipo m'munsi mwake mudalembedwa maina a ana ake ndi zidzukulu zake.

Nkhani imeneyi njoŵaŵa, ndipo wina angafunse chifukwa chake tikuifukula m'magazini ya seminale. Chifukwa chake nchakuti amene adachita zimenezi sanali anthu otaya chipembedzo. Anali ansembe ochita Misa tsiku ndi tsiku, omva kulapa kwa anthu, ophunzira za umulungu zaka zambiri monga tichitira ife. Ngati anthu otere adatha kugulitsa Akristu awo mtima uli m'malo, m'pofunika kuti tilondole njira imene adayenda kufikira tsiku limenelo, pakuti akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Chiyambi cha Eklezia ku Maryland

Dziko la Maryland adaliyambitsa ndi a banja la Calvert, Akatolika olemekezeka a ku England, pa nthaŵi imene malamulo a kwawo ankaletsa Misa ndi kutsekera Akatolika maudindo a boma. Zombo ziŵiri, Ark ndi Dove, zidakocheza pa chilumba cha St. Clement's m'mwezi wa Malichi 1634, ndipo pa 25 Malichi Bambo Andrew White, Mjezuiti, adapereka nsembe ya Misa pa chilumbapo. Boma silinkalipira ansembe, Akristu nawo anali oŵerengeka. Motero Ajezuiti adalandira malo monga atsamunda ena onse, natsekula minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga ku St. Inigoes, Newtown, St. Thomas Manor, White Marsh ndi Bohemia, kuti phindu lake lizidyetsa ansembe ndi kuyendetsa ntchito za utumwi.

Poyamba olima m'mindamo anali Azungu osauka amene ankagwira ntchito zaka zingapo pobweza ndalama za ulendo wa pa chombo. Anthu otere atayamba kusoŵa, atsamunda adatembenukira kwa akapolo ochokera ku Afirika, ndipo Ajezuiti adachita monga anzawo. Lamulo la ku Maryland la chaka cha 1664 lidanena kuti kapolo ndi kapolo moyo wake wonse, ndi ana ake omwe. Lamulo lina la 1671 lidaonjeza kuti ubatizo sumasula munthu ku ukapolo. Lamulo lachiŵirili tiliganizire bwino. Eni akapolo ena ankakaniza akapolo awo ubatizo poopa kuti Mkristu sangakhale katundu wa Mkristu mnzake, ndipo mantha amenewo aonetsa kuti chikumbumtima chawo chinkadziŵa zoona. Lamulolo lidachotsa manthawo. Kuyambira pamenepo wansembe ankatha kubatiza munthu, mwini munda namusungabe ngati chuma chake, popanda woona kuti ziŵirizi zikutsutsana. Pamene wansembe ndi mwini munda anali munthu mmodzi, vutolo lidabisika koposa.

Chitatha chaka cha 1689 Akatolika adalandidwa ulamuliro wa Maryland, ndipo Misa idaletsedwa poyera, nkuloledwa m'nyumba za anthu mokha. Apo minda ya Ajezuiti ndi timatchalitchi take idasanduka msana wa Eklezia. Papa Clement XIV atathetsa chipani cha Ajezuiti m'chaka cha 1773, ansembewo adakhalabe pa minda yawo. Mmodzi mwa iwo, John Carroll, adasankhidwa kukhala Episkopi woyamba wa Baltimore m'chaka cha 1789, ndipo ndiye adayambitsa koleji ya Georgetown. Papa Pius VII adabwezeretsa chipanicho m'chaka cha 1814. Sikuti Ajezuiti okha ndiwo anali ndi akapolo. Episkopi Carroll mwini wake anali nawo. Ansembe a chipani cha St. Sulpice, amene adatsekula seminale yoyamba ya dzikolo ku Baltimore m'chaka cha 1791, ankatumikiridwa ndi akapolo, chimodzimodzinso ansembe a chipani cha Vincent Woyera ku Missouri ndi asisitere a zipani zingapo. Aseminale oyamba a ku America ankadya chakudya cholimidwa ndi kuphikidwa ndi anthu amene malamulo sankaŵaŵerengera ngati anthu.

Ngongole ndi msika

Pofika zaka za m'ma 1800 minda ya ku Maryland inali itaguga chifukwa cha fodya, ndipo ansembe sanali akatswiri oyendetsa ulimi. Phindu linkachepa chaka ndi chaka. Koma kumwera kwenikweni kwa dzikolo zinthu zinkayenda mwina. Makina opunthira thonje amene Eli Whitney adapanga m'chaka cha 1793 adachititsa kuti ulimi wa thonje ukule kwambiri. M'chaka cha 1803 America adagula dziko la Louisiana kwa Afalansa, kumene nzimbe zinkafuna manja ambiri. Tsono m'chaka cha 1808 boma lidaletsa kuitanitsa akapolo kuchokera kunja. Zitatuzi pamodzi zidakweza mtengo wa kapolo wobadwira m'dziko momwemo, ndipo Maryland ndi Virginia adasanduka misika yogulitsa anthu kwa alimi a thonje ndi nzimbe. Pakati pa 1790 ndi 1860 anthu pafupifupi miliyoni imodzi adasamutsidwa motere, ena pa zombo, ena pansi atamangidwa maunyolo.

Ajezuiti anali ndi njira zitatu: kusunga akapolowo, kuŵamasula, kapena kuŵagulitsa. M'chaka cha 1814 oyang'anira minda adagwirizana zoti aŵagulitse kwa zaka zoŵerengeka, kenaka adzakhale mfulu, koma mfundoyi sidatsatidwe ndipo idafafanizidwa m'chaka cha 1820. Pambuyo pake padadzuka ansembe achinyamata ophunzira ku Roma, monga Thomas Mulledy ndi William McSherry. Iwo ankaona kuti tsogolo la Eklezia lili m'mizinda, kumene kunkafika Akatolika ambirimbiri ochokera ku Ireland ndi ku Germany, ndi kuti chipani chiyenera kusiya makasu nkuyamba masukulu. Maganizo ameneŵa pa okha sanali oipa. Koma Mulledy, ali mkulu wa Georgetown, adamanga nyumba zatsopano ndi ndalama zokongola, ndipo ngongoleyo idafika poopseza moyo wa kolejiyo.

Ajezuiti ena adakana zogulitsa. Ankati akapolowo ali ngati ana amene Mulungu adaŵaikiza m'manja mwawo, ndipo kuŵatumiza ku Louisiana nkuika mizimu yawo pa ngozi. Mawu ameneŵa anali ndi chifundo, komabe ambiri mwa okanawo sankanena zomasula akapolo, ankafuna kuŵasunga. Mkangano unali pakati pa ofuna kusunga ndi ofuna kugulitsa, ndipo njira yachitatu ija idasoŵa woiyankhulira mwamphamvu. Eni nkhaniwo, anthu 272 aja, palibe adaŵafunsa.

Malamulo atatu ochokera ku Roma

Mkulu wa Ajezuiti onse, Bambo Jan Roothaan, adazengereza, koma m'chaka cha 1836 adavomera, naika malamulo atatu. Loyamba, ogulitsidwawo akakhale ndi mwayi wopembedza ndi kulandira masakramenti. Lachiŵiri, mabanja asalekanitsidwe. Lachitatu, ndalamazo zisalipire ngongole, koma zisungidwe kuti phindu lake liziphunzitsa Ajezuiti achinyamata.

Malamulo onse atatu adasweka. Gawo lina la ndalama zoyamba lidalipira ngongole ya Georgetown, lina lidaperekedwa kwa Arkiepiskopi wa Baltimore pothetsa mkangano wakale wa za minda. Mabanja ena adalekanitsidwa, pakuti ambiri anali atakwatirana ndi akapolo a m'minda yoyandikana, ndiponso ogulawo pambuyo pake adagulitsa ena kwa anthu ena. Pa tsiku logwira anthu ena adathaŵira m'nkhalango, ena mwa iwo atatsinidwa khutu ndi ansembe a pamalopo. Otsalawo adakwezedwa m'zombo. Gulu lalikulu lidanyamuka pa doko la Alexandria pa chombo chotchedwa Katherine Jackson m'mwezi wa Novembala 1838. M'chaka cha 1848 Mjezuiti wina, Bambo James Van de Velde, adaŵayendera ku Louisiana, nalembera Mulledy kuti adaŵapeza akusungabe chikhulupiriro chawo, koma alibe tchalitchi pafupi, ndipo ana awo akukula osaphunzira katekisimu.

Mbiri ya malondaŵa idakhumudwitsa anthu ambiri, ndipo Mulledy adatula udindo napita ku Ulaya. Koma mlandu umene akulu ake adamuimba kwenikweni unali wa kusamvera ndi wa kuchititsa manyazi chipani. Kugulitsa anthuko adachita kuloledwa. Patangopita zaka zochepa adabwerera kwawo, nakhala mkulu woyamba wa koleji ya Holy Cross ku Massachusetts m'chaka cha 1843, kenaka mkulu wa Georgetown kachiŵiri. Malamulo atatu aja anali abwino pa pepala, koma munthu akagulitsidwa, wogulitsayo alibenso mphamvu pa iye. Ntchito yeniyeni imene malamulowo adagwira inali yotonthoza mitima ya ogulitsa.

Kalata ya Papa ndi yankho la maepiskopi

Pa 3 Disembala 1839 Papa Gregory XVI adatulutsa kalata yotchedwa In supremo apostolatus, yodzudzula malonda a akapolo ndi kuletsa Akatolika, ansembe ndi anthu wamba omwe, kuŵateteza malondawo. Sikanali koyamba kuti Papa ayankhule: Paul III anali ataletsa kale m'chaka cha 1537 kusandutsa akapolo eni dziko a ku America. Koma Episkopi John England wa ku Charleston, m'makalata amene adalembera nduna ya boma John Forsyth m'chaka cha 1840, adamasulira kuti Papa adadzudzula malonda ogwira anthu ku Afirika ndi kuŵaolotsa nyanja, osati kusunga akapolo obadwira m'dzikomo. Kumasulira kumeneku ndiko kudagwira mitima ya ambiri. Francis Kenrick, Episkopi wa ku Philadelphia, adalemba buku la za makhalidwe a chikristu limene linkaphunzitsidwa m'maseminale. M'menemo adadandaula za nkhanza zina za ukapolo, komabe adalangiza kuti malamulo a dziko asatsutsidwe, akapolo amvere, ndipo ambuye awo akhale achilungamo.

Nchifukwa ninji abusa ophunzira chotere adaima pamenepa? Choyamba, akatswiri a za umulungu kuyambira kale ankasiyanitsa kukhala mwini wa munthu ndi kukhala mwini wa ntchito ya munthu, nati choyambacho nchoipa koma chachiŵiricho nchololedwa. M'kalasi kusiyanitsaku kunkamveka. Pa msika wa ku New Orleans, pamene mwana ankachotsedwa m'manja mwa mai wake, kunalibe tanthauzo. Chachiŵiri, Akatolika anali ochepa ndi odedwa. M'chaka cha 1834 gulu la anthu lidatentha nyumba ya asisitere ku Charlestown pafupi ndi Boston, ndipo m'chaka cha 1844 matchalitchi adatenthedwa ku Philadelphia. Ambiri mwa omenyera kuthetsa ukapolo anali Aprotestanti, ena mwa iwo adani a Chikatolika, motero maepiskopi ankaona nkhondoyo ngati ya adani awo. Ankafunitsitsa kuonetsa kuti Mkatolika ndi nzika yabwino yosasokoneza mtendere. Chachitatu, Akristu awo ambiri anali amphaŵi ochokera ku Ireland, olimbirana maganyu ndi anthu akuda omasuka, ndipo sankafuna kumva za ufulu wa akapolo, ngakhale mtsogoleri wa kwawo, Daniel O'Connell, ankaudzudzula ukapolowo poyera.

M'chaka cha 1857 bwalo lalikulu la milandu lidagamula, pa mlandu wa Dred Scott, kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya United States. Amene adalemba chigamulocho, Roger Taney, anali Mkatolika wa ku Maryland. Nkhondo yapachiŵeniŵeni itabuka m'chaka cha 1861, akapolo m'dzikomo anali pafupifupi mamiliyoni anayi, ndipo maepiskopi adagaŵikana monga dziko lidagaŵikira. Arkiepiskopi John Purcell wa ku Cincinnati adavomereza poyera kuti akapolo amasulidwe. Episkopi Auguste Martin wa ku Natchitoches adalemba kalata yoteteza ukapolo, imene akulu a ku Roma adaidzudzula m'chaka cha 1864. Ukapolo udatha ndi chilengezo cha Abraham Lincoln cha pa 1 Januwale 1863 ndi kusintha kwa malamulo a dziko m'chaka cha 1865, patafa anthu opitirira 600,000 pa nkhondo. Maepiskopi a ku America sadauthetse ndi mawu amodzi ogwirizana.

Amene adasunga chikhulupiriro

Pa zaka zonsezi Akatolika akuda sadangokhala chete kudikira. M'chaka cha 1829 ku Baltimore, Mai Mary Lange, mothandizidwa ndi Bambo James Joubert, adayambitsa chipani cha asisitere akuda cha Oblate Sisters of Providence, chophunzitsa ana akuda m'dziko limene ukapolo unali wololedwa. Ku New Orleans Henriette Delille adayambitsa chipani cha Sisters of the Holy Family, chosamala nkhalamba, odwala ndi ana amasiye. Zipani ziŵirizi zidabadwa chifukwa zipani za Azungu sizinkalandira atsikana akuda.

Nkhondo itatha, pa msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Baltimore m'chaka cha 1866, Arkiepiskopi Martin Spalding adapempha, mogwirizana ndi maganizo a ku Roma, kuti pakhale mtsogoleri mmodzi woyang'anira utumwi pakati pa omasulidwawo. Maepiskopi adakana, nati aliyense adzaona yekha m'dayosizi yake. Zotsatira zake, zochitika zidachepa, ndipo Akatolika akuda ambiri, atatopa ndi kukhala pa mabenchi a kumbuyo ndi kulandira Ukaristia Azungu onse atatha, adaloŵa mipingo ya Baptist ndi Methodist kumene ankatha kukhala ndi abusa a mtundu wawo. Amisiyoni a Mill Hill adafika ku Baltimore m'chaka cha 1871 kudzatumikira anthu akuda, ndipo mwa iwo mudatuluka chipani cha Josephite m'chaka cha 1893.

Za unsembe, khomo linali lotseka. Zoona, panali ana a banja la Healy, obadwa kwa mlimi wochokera ku Ireland ndi mai amene anali kapolo ku Georgia. Mwa lamulo iwo adabadwa akapolo, koma bambo wawo adaŵatumiza kumpoto, naphunzira pa koleji ya Holy Cross, yomwe ija ya Mulledy. James Healy adakhala Episkopi wa Portland m'chaka cha 1875, ndipo Patrick Healy, Mjezuiti, adakhala mkulu wa Georgetown m'chaka cha 1874, patangopita zaka 36 chigulitsire anthu aja. Koma a Healy anali oyera khungu, ndipo adakwera pa maudindo ameneŵa pokhala ngati Azungu, osatchula za mai wawo.

Bambo Augustus Tolton

Augustus Tolton sakadatha kubisa khungu lake. Adabadwa kapolo pa 1 Epulo 1854 ku Brush Creek m'chigawo cha Missouri, kwa makolo Achikatolika. Nkhondo ili mkati, mai wake adaoloka mtsinje wa Mississippi ndi ana ake nakakhala ku Quincy m'chigawo cha Illinois, kumene mnyamatayo adagwira ntchito m'fakitale ya fodya. Bambo Peter McGirr adamulandira pa sukulu ya parishi ngakhale makolo a ana a Azungu ankaopseza kuchotsa ana awo. Atamva kuti Mulungu akumuitana ku unsembe, adafunsira malo m'maseminale a ku America, koma onse adamukana. Ansembe Achifransisko a ku Quincy adamuphunzitsa, namupezera malo ku Roma pa koleji ya Propaganda Fide m'chaka cha 1880. Adalandira unsembe pa 24 Epulo 1886 m'tchalitchi cha Yohane Woyera cha ku Lateran.

Iye ankayembekeza kutumizidwa ku Afirika, koma Kadinala Giovanni Simeoni adamubweza kwawo, kuti America aone wansembe wakuda. Ku Quincy ulaliki wake udakoka akuda ndi Azungu omwe, ndipo ndalama za Azunguwo zidayamba kuloŵa m'mbale ya parishi yake. Izi zidautsa nsanje mwa wansembe mnzake amene anali mkulu wa ansembe a dera limenelo, mpaka Tolton adapempha kuchoka. Adasamukira ku Chicago kumapeto kwa 1889, nayamba parishi ya St. Monica pakati pa amphaŵi, mothandizidwa ndi ndalama za Mai Katharine Drexel. M'mwezi wa Januwale chaka chomwecho anali atachita Misa pa msonkhano woyamba wa Akatolika akuda ku Washington, umene adauitanitsa mtolankhani Daniel Rudd. Pa 9 Julayi 1897 adamwalira atakomoka ndi kutentha kwa dzuŵa, ali ndi zaka 43, ndipo adaikidwa ku Quincy monga adapemphera. Papa Francis adamutcha Wolemekezeka m'chaka cha 2019.

Chimene chidapweteka Tolton koposa sichidachokere kwa akunja koma kwa mnzake wa pa guwa. Ndipo atafa, khomo lidatseguka pang'onopang'ono. Charles Uncles adadzozedwa ku Baltimore m'chaka cha 1891, koma otsatira anali oŵerengeka, kufikira amisiyoni a Divine Word adatsekula seminale ya anyamata akuda ku Mississippi m'chaka cha 1920, imene idatulutsa ansembe anayi oyamba m'chaka cha 1934.

Apa mbiri yawo ikumana ndi yathu. M'chaka cha 1888 Papa Leo XIII adadzudzula ukapolo m'kalata yake kwa maepiskopi a ku Brazil, ndipo Kadinala Charles Lavigerie adayendera mizinda ya ku Ulaya kulalika zothetsa malonda a akapolo mu Afirika. Ana ake a Lavigerie, a White Fathers, adafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, pa njira imene akapolo a kwathu kuno ankadzera popita ku gombe la nyanja yamchere. Makalata a Benedict XV m'chaka cha 1919 ndi Pius XI m'chaka cha 1926, olamula kuti mtundu uliwonse ukhale ndi ansembe akeake, adalimbikitsa maseminale ku Mississippi ndi kuno komwe. Bambo Cornelio Chitsulo, wansembe woyamba wa dziko la Malaŵi, adadzozedwa m'chaka cha 1937, zaka zitatu zokha pambuyo pa anayi aja.

Mlandu suola

Kusintha kwa Eklezia wa ku America kudatenga zaka zambiri. Arkiepiskopi Joseph Ritter adathetsa tsankho m'masukulu a Chikatolika ku St. Louis m'chaka cha 1947. Arkiepiskopi Joseph Rummel wa ku New Orleans adachotsa mu Eklezia anthu atatu okakamira tsankho m'chaka cha 1962. M'chaka cha 1979 maepiskopi onse adalemba kalata yonena mosabisa kuti tsankho la mitundu ndi tchimo. Wilton Gregory adakhala Kadinala woyamba wakuda wa ku America m'chaka cha 2020.

Nkhani ya anthu 272 inkadziŵika kwa olemba mbiri, koma anthu ambiri adaimva m'chaka cha 2015, pamene ophunzira a pa Georgetown adadandaula kuti nyumba ziŵiri za pa kolejiyo zinali ndi maina a Mulledy ndi McSherry. Pa 18 Epulo 2017 Bambo Timothy Kesicki, m'dzina la Ajezuiti a ku America ndi Canada, adapepesa pamaso pa zidzukulu za ogulitsidwawo, navomera kuti chipani chidachimwa. Nyumba ya Mulledy idatchedwa dzina la Isaac Hawkins, ndipo ya McSherry idatchedwa dzina la Anne Marie Becraft, mphunzitsi wakuda amene adaloŵa chipani cha Mai Lange. M'chaka cha 2021 Ajezuiti adalonjeza kusonkhanitsa madola 100 miliyoni othandizira zidzukuluzo ndi ntchito ya chiyanjano. Kuchokera pa tsiku la chipangano kufikira pa tsiku la kupepesa padapita zaka pafupifupi 179.

Zimene tikuphunzirapo

Choyamba chikhudza chuma cha Eklezia. Minda ya ku Maryland idatsekulidwa ndi cholinga chabwino, choti Eklezia adzidalire, ndipo ife tomwe takhala tikulimbikitsidwa kudzidalira kuyambira zaka za m'ma 1970. Madayosizi ndi maparishi athu ali ndi minda, zigayo, masukulu ndi nyumba zochititsa lendi. Zimenezi nzofunika, koma pa chuma chilichonse pali munthu amene akukhetsa thukuta. Wansembe woyang'anira munda azidziŵa malipiro a wolima, a mlonda ndi a wophika monga adziŵira ndalama za m'mbale, ndipo ngongole ikapana, asayambe ndi kufinya amene alibe mawu. Ajezuiti aja sadakonze zogulitsa anthu pa tsiku limodzi; adangozoloŵera, mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, kuŵerenga anthu pamodzi ndi ng'ombe m'mabuku a chuma.

Chachiŵiri chikhudza maphunziro athu. Luso losiyanitsa mfundo ndi chida chabwino cha wophunzira za umulungu, koma lingathe kugwiritsidwa ntchito pothaŵa choona. Paulo Woyera adabweza Onesimo kwa Filemoni kuti akamulandire ngati mbale, ndipo oteteza ukapolo adagwira kubwezako naiŵala ubalewo. Mfundo imene tiiphunzira m'kalasi tiziiyesa pofunsa kuti ikafika kumudzi idzachita chiyani kwa munthu wotsika kopambana. Makolo athu nawonso ankasunga akapolo ndi kupereka anthu polipira milandu, ndipo ankaziona ngati mwambo. Mbadwo uliwonse uli ndi choipa chimene udachizoloŵera, ndipo wathu sungakhale wopanda chake.

Chachitatu chikhudza mantha. Maepiskopi a ku America adakhala chete kuti ateteze Eklezia wochepa ndi wodedwa. Adapezadi mtendere ndi boma, koma adataya anthu akuda ambiri amene akadakhala ana a Eklezia, ndipo bala lake likadalipo. Mbusa amene akhala chete pofuna kusunga nyumba ndi masukulu adzifunse ngati sakugula zimenezo ndi nkhosa zimene adapatsidwa.

Chotsiriza ndi cholimbitsa mtima. Ofufuza mbiri atayamba kulondola zidzukulu za anthu 272 aja, adazipeza zikwi zingapo, ndipo ku Maringouin ndi madera ena a Louisiana ambiri anali akadali Akatolika. Chikhulupiriro chidasungidwa ndi agogo amene ankaphunzitsa ana mapemphero ndi korona popanda wansembe pafupi. Zina mwa zimene zidathandiza ofufuzawo ndi mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'maparishi, momwe ansembe adalemba maina a anthuwo. Nafenso tidzapatsidwa mabuku otere m'maparishi mwathu. Dzina lililonse limene tidzalembamo ndi la mbale amene Kristu adamuwombola ndi magazi ake, ndipo tsiku lina tidzafunsidwa m'mene tidamusungira.